Batani lodikira chithunzi chomaliza

Aliyense amene anayambapo kulemba JavaScript amawadziwa mawu ofiira aja a mu console ya Chrome, akuti Cannot read properties of null. Code waiwerenga kawiri katatu, batani lilipo ndithu mu HTML, dzina lake sunaphonye ngakhale chilembo chimodzi, koma browser ikulimbikira kuti chimene ukufunacho kulibe. Achinyamata amene amabwera ndi malaputopu awo kunyumba kwanga ku Matawale, mu Zomba, madzulo, ambiri amafika atataya kale maola akusinthasintha dzina la batanilo. Wina anafika pofuna kuikanso Windows. Chonsecho nkhani yake ndi ya nthawi chabe: script, code ya JavaScript ija, yayamba ntchito batani lisanapangidwe.

Browser siliona tsamba lonse nthawi imodzi monga mumalionera inu mu editor. Imawerenga HTML kuyambira pamwamba, mzere ndi mzere, momwe ikufikira kuchokera ku seva, ndipo ikamawerenga imakhala ikumanga DOM, dongosolo la zinthu zonse za patsambalo: mutu uwu, ndime iyi, fomu ili mkati mwa chakuti, batani lili mkati mwa fomuyo. Ikakumana ndi tag ya script imaima. Imakatenga fayiloyo, n'kuiyendetsa mpaka kumapeto, ndiyeno n'kupitiriza kuwerenga. Ndiye ngati script yanu ili mu head, gawo la pamwamba la HTML, panthawi imene ikuyenda browser imakhala isanafike n'komwe pa body, gawo lokhala ndi zooneka patsamba. Mukapempha getElementById kuti ikupatseni batani, yankho ndi null, kutanthauza kuti palibe, ndipo sikunama.

Kuima kumeneku kuli ndi chifukwa chake. JavaScript anaipanga ndi Brendan Eich ku kampani ya Netscape mu 1995, ndipo kuyambira masiku amenewo script inali ndi mphamvu yolemba HTML yatsopano pamalo pomwe yaikidwapo, kudzera mu document.write. Popeza browser singadziwiretu ngati script ikubwerayo isinthe zimene zili kutsogolo, imayenera kudikira ione kaye. Masiku ano ogwiritsa ntchito document.write ndi ochepa, koma masamba akale akadalipo ambirimbiri, ndipo palibe kampani ya browser imene ingalole kuti asiye kugwira ntchito chifukwa cha iyo.

Woyamba kumene akafufuza pa Google, njira imene amaipeza msanga ndi window.onload. Amakulunga code yonse m'menemo, mawu ofiira aja n'kuzimiririka, batani n'kuyamba kugwira. Pa laputopu yake, pomwe mafayilo onse ali mu foda imodzi, palibe chodandaula. Koma njira imeneyi ndi imene yasautsa anthu ambiri kuno kwathu, ndipo kuipa kwake ndinakuonera pa khonde la nyumba ina yogona alendo m'mphepete mwa msewu wokwera kuphiri.

Nyumbayo ndi ya mayi ena achikulire, ndipo tsamba lake anapanga ndi mwana wa achimwene awo, mtsikana wophunzira za makompyuta amene amakhala ku Chikanda. Ntchito anaigwira, osanama: mitengo ya zipinda, mapu, ndi zithunzi zokongola za damu la Mulunguzi, za mathithi a Williams, za anyamata ogulitsa sitiroberi m'mbali mwa msewu wa ku Ku Chawe. Anandiitana chifukwa azakhali akewo ankati tsambalo ndi lakufa.

"Ankolo, kwa ine zikutheka bwinobwino," anatero mtsikanayo, laputopu ili pamiyendo. "Mwina ndi foni ya azakhali."

"Foni yanga ilibe vuto," anayankha mayiwo. "WhatsApp ndikuyenda nayo tsiku lonse. Taonani nokha, achimwene."

Anatsegula tsambalo pa Tecno yawo ya galasi losweka pakona. Mawu anabwera msanga ndithu. Pamwamba kumanja panali timizere titatu tija ta menu. Anadina ndi chala chachikulu, zii. Anapukuta chalacho pa chitenje n'kudinanso, zii. M'munsi mwake chithunzi cha damu chinkatuluka pang'onopang'ono kuyambira kumwamba, mitambo kaye, kenako nsonga za mitengo ya paini, madzi osaonekabe. Mayiwo anaika foni patebulo n'kulowa m'nyumba kukauza mnyamata wa kukhitchini za tiyi. Tiyi anafika, tinathira shuga, menu osagwirabe.

Browser imalengeza load, chilengezo chimene window.onload imadikira, pokhapokha chilichonse chikafika: zithunzi zonse, CSS yonse (mafayilo a maonekedwe a tsamba), ma iframe onse (masamba ena oikidwa mkati mwa tsambalo), kuphatikizapo mapu a Google aja ndi zimene mapuwo amakoka. Ili ngati minibasi ya ku Limbe pa depoti. Dalaivala alipo, mafuta alimo, enanu mwakhala kalekale, koma sinyamuka mpaka mpando womaliza udzaze, ndipo kondakitala alibe nazo kanthu kuti mukuchedwa. Zithunzi za mtsikanayo zinali ngati 20, zojambulidwa pa foni n'kuikidwa patsamba momwemo osazichepetsa, chilichonse 3 MB kapena kuposerapo. Ndiye kuti 60 MB. Netiweki ikamapereka 1 Mbps, zomwe sizachilendo kuno madzulo, pa sekondi imodzi pamafika 125 KB basi. Mukagawa mupeza masekondi 480, mphindi 8 zathunthu. Code ya menu inali timizere tochepa tokulungidwa mu window.onload, tomwe tinafika pa foni pachiyambi pomwe, n'kungokhala kudikira chithunzi cha bafa la chipinda chomaliza.

Anthu ambiri olemba maphunziro a pa intaneti amakhala kumene intaneti imathamanga, ndipo kwa iwo mpata wa pakati pa kufika kwa HTML ndi kufika kwa chithunzi chomaliza ndi wochepa moti sauona. Ife timakhala mu mpata umenewu. Mlendo wofuna chipinda sadikira mphindi 8. Amadina kawiri, n'kuganiza kuti malowo anatsekedwa, n'kubwerera ku Google, bandulo yake itadyeka kale.

Chimene mtsikanayo ankafuna ndi DOMContentLoaded. Imeneyi browser imailengeza ikangomaliza kuwerenga HTML yonse ndi kumanga DOM, zithunzi zikadali m'njira. Batani limakhala lilipo, fomu ilipo, mutha kumangirirapo code yanu. Ndinamuuza kuti asinthe mzere umodzi wokha:

document.addEventListener("DOMContentLoaded", yambitsaMenu);

Titatsegulanso pa foni ya mayi aja, menu inatseguka chithunzi cha damu chikadali pa mitambo.

"Nanga ankolo, bwanji ena amalemba ready ija ya jQuery?"

Imeneyo ndi nkhani ya mbiri. DOMContentLoaded inayambira ku Mozilla, ma browser ena n'kutsatira, koma Internet Explorer, imene masiku amenewo inali pa makompyuta ambiri a m'maofesi ndi m'ma café, inadzailandira mochedwa, mu 2011, pa version 9. Zaka zonsezo olemba masamba ankachita kuzembera. Njira ina yotchuka, yomwe anatulukira ndi Diego Perini, inali youza Internet Explorer mobwerezabwereza kuti isunthe tsamba ndi doScroll. Ikakana ndiye kuti DOM sinathe, ikalola ndiye kuti yatha. John Resig atatulutsa jQuery, fayilo ya code yokonzedwa kale yofewetsa ntchito ya JavaScript, mu Januwale 2006, chimodzi mwa zimene anthu anaikondera chinali chakuti chisokonezo cha ma browser chimabisika kuseri kwa ready, iwe n'kumangolemba code yako. N'chifukwa chake maphunziro a zaka zimenezo pafupifupi onse amayamba ndi mzere umenewo.

Microsoft inapumitsa Internet Explorer pa 15 Juni 2022, koma chizolowezi chinatsala. Ndimaonabe ana akukoka jQuery yonse, fayilo ya 87 KB imene ngakhale itapanikizidwa ndi gzip imakhala pafupifupi 30 KB, chifukwa cha ready yokha. jQuery sindidana nayo. Ngati tsamba lanu ndi la WordPress, nthawi zambiri imakhala ilimo kale, igwiritseni ntchito. Koma kumulipiritsa munthu wa bandulo ya tsiku limodzi pa chinthu chimene browser yake imachita yokha, ayi.

Palinso njira yakale yosavuta, yoika script kumapeto kwenikweni kwa body. Steve Souders ndi anzake a ku Yahoo anaifalitsa cha mu 2007, ndipo ikugwirabe ntchito, chifukwa pofika pamenepo browser imakhala itawerenga kale zonse zam'mwamba. Ndilibe nayo mlandu. Koma ine masiku ano ndimalemba chonchi:

<script src="menu.js" defer></script>

Tag imeneyi imakhala mu head. Browser ikaiona imayamba kukoka fayilo nthawi yomweyo koma siima, imapitiriza kuwerenga HTML. Script imadzayenda HTML ikatha, DOMContentLoaded itatsala pang'ono kulengezedwa. Mukakhala ndi ma script atatu a defer, amayenda motsatana monga munawandandalikira. Ndiye code yanu simufunikanso kuikulunga mu chilichonse, batani mulipeza lilipo. Chodabwitsa n'chakuti defer ndi yakale kwambiri, inali kale mu HTML 4 kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, kungoti ma browser anatenga nthawi kuti agwirizane pa kagwiridwe kake. Muzikumbukira kuti imagwira pa script yokhala ndi src basi. Mukailemba pa script yomwe code yake ili mkati mwa HTML momwemo, browser imangoinyalanyaza osakuuzani. Script ya type="module" imachita za defer yokha, osafunika kuiuza.

Amene amasokoneza ndi m'bale wake async. Ambiri amayesa ndi chinthu chimodzi, poti nayenso salepheretsa browser kuwerenga pamene fayilo ikubwera. Kusiyana kwake n'kwakuti script ya async imayenda nthawi imene yafikira, kaya HTML yatha kaya sinathe, ndipo siyang'ana kuti mnzake wam'mwamba wafika kapena ayi. Pa wifi ya mu ofesi mafayilo amafika pafupifupi limodzi ndipo simuona kanthu. Pa netiweki ya foni, kafayilo kanu kakang'ono kamafika pamene jQuery imene kakudalira ikadali m'njira, console n'kukuuzani kuti $ is not defined, kutanthauza kuti jQuery sinapezeke. Mawa lake zonse zili bwino. Vuto lotere ndi lowawa chifukwa mwini tsamba akakuimbira foni, iwe ukatsegula umapeza zikuyenda, ndipo mumayamba kukayikirana. Ine async ndimaisungira zinthu zoima pazokha, monga script yowerenga alendo obwera patsamba, imene sikhudza batani la munthu.

Pali msampha wina wogwirizana ndi zomwezi. DOMContentLoaded imalengezedwa kamodzi, ndipo wofika mochedwa sauzidwanso. Ngati script yanu ndi ya async, kapena yaikidwa patsamba ndi script ina pambuyo pake, itha kufika chilengezocho chitadutsa. Imakhala ikudikira chinthu chimene chinachitika kale, ndipo code yanu siyenda mpaka kalekale, popanda ngakhale mawu ofiira oti akuthandizeni. Ready ya jQuery inkaliteteza vutoli mwakachetechete, n'chifukwa chake anthu osiya jQuery amagweramo. Chothandiza ndi document.readyState, imene imakhala loading pamene HTML ikuwerengedwa, interactive ikatha, complete zonse zikafika:

if (document.readyState === "loading") {
  document.addEventListener("DOMContentLoaded", yambitsa);
} else {
  yambitsa();
}

Ngakhale DOMContentLoaded yomweyo itha kuchedwa, ndipo chochedwetsa nthawi zambiri chimakhala CSS. Script ya defer siyenda mpaka ma stylesheet a mu head atafika, poti mwina ifunsa kukula kapena mtundu wa chinthu china, ndipo DOMContentLoaded nayo imadikira ma script a defer. Ndiye mzere umodzi uja mumakopera ku Google Fonts kuti zilembo zioneke bwino utha kuligwira batani lanu mwendo. Fayilo yake ndi yaing'ono, koma imachokera ku seva ina, kutanthauza kuti foni iyambe yafunsa DNS adiresi ya sevayo, ilumikizane nayo, agwirizane za chitetezo cha TLS, kenako ilandire. Dziko lathu lilibe gombe la nyanja yamchere. Intaneti yathu imayenda pa zingwe za fibre kudutsa ku Tanzania ndi ku Mozambique isanalowe m'zingwe za pansi pa nyanja monga SEACOM ndi EASSy, ndipo ulendo uliwonse wopita ndi kubwera umadya nthawi. Amene amakumbukira Meyi 2024, pamene zingwe ziwirizi zinaduka nthawi imodzi, akudziwa momwe tsamba lokoka zinthu ku ma seva ambirimbiri akunja limaonekera zinthu zikavuta: mbee, loyera. Font ngati mukuifunadi, ikeni pa seva yanu limodzi ndi mafayilo ena. Apo ayi gwiritsani ntchito imene ili kale mu foni, palibe mlendo amene anakanapo chipinda chifukwa cha maonekedwe a zilembo.

Koma chimene chimandikwiyitsa kuposa zonse ndi ma template ogula kapena otola aulere aja okhala ndi kabwalo kozungulira. Mumatsegula tsamba, chimene mukuona ndi chinsalu choyera ndi kabwalo kakuzungulira pakati. Mukasuzumira mu code mupeza kuti mawu onse anafika kale, ali kuseri kwa chinsalucho, ndipo mzere wochichotsa anaumangirira ku load ya window. Munthu akufuna nambala ya foni ya sukulu, kapena tsiku lotsekera kulandira makalata ofunsira ntchito. Zinthuzo zili kale mu foni mwake, wazilipira kale ndi bandulo yake, koma sangaziwerenge mpaka chithunzi cha akuluakulu onse a bungwe atavala masuti chitafika. Fayilo ya JavaScript ikalephera kufika, kabwaloko kazungulira mpaka batire lithe. Masamba otere ndawaona a mabungwe, a mipingo, a masukulu a kuno ku Zomba komwe. Ndikapatsidwa lotere kuti ndikonze, choyamba kufufuta ndi kabwaloko, ndipo palibe mwini tsamba amene anandifunsapo kuti kapita kuti.

Sikuti load ilibe ntchito. Ngati code yanu ikufuna kudziwa kutalika kwenikweni kwa chithunzi, kapena kuchijambula pa canvas, iyenera kudikira chithunzicho, ngakhale kuti pamenepo ndi bwino kumvetsera load ya chithunzi chimodzicho osati ya window yonse. Tsamba la risiti limene limadzitsegulira print lokha liyenera kudikira load, apo ayi logo ya pamwamba imatuluka pa pepala ili kabokosi kopanda kanthu. Kungoti mukamaigwiritsa ntchito muzidzera ku addEventListener. Window.onload imasunga function imodzi yokha, ndiye mnzanu akalembanso yake mu fayilo ina, yanu imafufutika popanda chenjezo.

Kuti muone zonsezi ndi maso anu, tsegulani Chrome, dinani F12, pitani pa Network. Chongani Disable cache, sankhani liwiro la 3G pa kabokosi ka throttling, n'kutsegulanso tsamba. Pansi penipeni muona manambala awiri, DOMContentLoaded ya buluu ndi Load yofiira. Kusiyana kwa manambala amenewo ndiye nthawi imene mlendo wanu angakhale akudina batani losayankha mukadalira onload. Komabe throttling imapereka netiweki yochedwa mwaulemu, yosasintha. Yathu imathamanga, n'kuima, n'kugwera pa E, n'kubwereranso. Ine ndikamaliza tsamba ndimatumiza link kwa alamu anga ku Jali kuti atsegule pa foni yawo andiuze zimene akuona. Alamuwo amagwiritsa ntchito Opera Mini populumutsa bandulo, monga amachitira anthu ambiri kumudzi, ndipo imeneyo ikakhala pa mode yopulumutsa kwambiri, tsamba limakonzedwera ku ma seva a Opera, script n'kupatsidwa kanthawi kochepa chabe, kenako foni imalandira zotsatira zake. Chimene mwachimangirira kumapeto kwenikweni mwina sichiyenda n'komwe.

Tsamba la nyumba ya alendo ija tinalikonza madzulo omwewo. Zithunzi tinazichepetsa kufika pa mapikiselo 1200 m'lifupi, chilichonse n'kutsika kufika cha mu 200 KB, moti zonse pamodzi zinakwana 4 MB m'malo mwa 60 MB. Za m'munsi tinaziika loading="lazy", imene Chrome inayamba kuimva mu 2019, kuti zizikokedwa munthu akamayandikira pamene zili. Tinalembanso width ndi height pa chilichonse kuti mawu asamadumphedumphe zithunzi zikamafika. Mapu tinawachotsa n'kuikapo link wamba yotsegula Google Maps.

Titafika pa batani lofunsira chipinda, mtsikanayo anandionetsa code imene munthu akadina imatenga nambala, n'kupanga adiresi ya WhatsApp, n'kumutumiza kumeneko. Ndinamufunsa chifukwa chake sanangolemba link ya wa.me mu tag ya a. Anakhala chete pang'ono, kenako n'kuseka. Link wamba imagwira ntchito browser ikangoiwerenga, siyang'ana DOMContentLoaded kapena load, ndipo pa Opera Mini imayendanso. Ngakhale menu yomwe ija ikanatheka ndi tag za details ndi summary, zimene zimatseguka ndi kutsekeka zokha popanda script iliyonse. Imeneyo anakana, akuti akufuna menu yotuluka cham'mbali mokongola kuti azikaionetsa pofunsira ntchito. Ndinamulola, poti ndi defer menuyo imakhala itayamba kale kugwira chala chisanafike pa galasi.

Posachedwapa mayi aja anandiimbira. Mlendo wina anawajambulira video ya chifunga chikutsika m'phiri, ndipo akufuna iziyamba yokha munthu akangotsegula tsamba. Ndawauza kuti video itheka, koma osati yoyamba yokha. Tiikapo kachithunzi kamodzi pamwamba pake ndi preload="none", kuti wofuna kuonera azidina yekha akaona kuti bandulo yake ikwana.